Geresomo ndi Nyenyezi ya Buluu

Pa dooko la pa Mtondo, kumunsi kwa Chiromo, pali lamulo limene wopalasa bwato aliyense amalidziwa ngati dzina lake: maso akayamba kuchita chidima, nkhafi utule. Lamuloli silinachokere ku boma ayi. Linatuluka pakamwa pa Geresomo Semba, chaka chimene mkulu wina, Golden, anagunda chitsa chomira dzuwa likuswa mtengo, bwato n'kugadabuka, amayi awiri n'kupita ndi madzi. Pa msonkhano wa komiti ya dooko Geresomo anaimirira, mitsempha ya m'khosi itatupa, n'kunena kuti munthu wosaona bwino asamanyamule miyoyo ya eni ake. Anthu anaomba m'manja. Golden anatula nkhafi yake tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero amangokhala pakhonde kuluka miono.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, ng'ala inalowa m'maso mwa Geresomo yemweyo, onse awiri. Ankadziwa ndi iye yekha ndi mkazi wake Rute basi. Wachitatu akanangodziwa, ntchito ya moyo wake wonse ikanathera pomwepo, ndipo zimenezi ankaziopa kuposa ng'ona.

Kuti mumvetse mantha akewo muyenera kumudziwa munthuyu. Sukulu analekera sitandade fili, osati chifukwa mutu unali wouma, koma madzi ankamuitana mokweza kuposa belu. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, miyendo yamatewe ngati ya aliyense wokulira m'bwato. Pakamwa pokha Mulungu sanamumane. Ankatha kukunyozerani nsapato zanu kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo, inu n'kutsika mukuseka, nsapatozo mutazibisa pansi pa chitenje. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anaolotsa othawa ndi mitolo yawo ndi mbuzi zawo zomwe. Madzi atasefukira mu 2015 anatha masiku atatu akutsitsa anthu m'mitengo, moti ana awiri a kuderali anapatsidwa dzina lake, dzina lolemera chonchi kusenzetsa makanda osalakwa.

Maboti a injini atafika, anyamata anamulanda anthu ambiri a masana. Sanadandaule kwenikweni. Dzuwa likangolowa anyamatawo ankamanga maboti awo, ndipo amene wachedwa panjira, kaya ali ndi wodwala, ankafunsa kuti kwa Geresomo ndi kuti. Ndi iye yekha ankaoloka kutada, opanda tochi, n'kukakocheza pamalo penipeni ngati kuli chingwe chomukoka.

Chingwecho chinali kumwamba. Bambo ake, amenenso anali wa bwato, anamuonetsa nyenyezi zitatu zondondozana zimene akuluakulu ankazitcha Akamwiniatsatana. Mbali iyi ndi iyo ya zitatuzo kuli nyenyezi ziwiri zowala kwambiri. Ina ndi yofiirira, ndipo bamboyo ankaitcha ya khala. Inayo ndi yoyera mopita ku buluu, ndipo ankangoti ya buluu. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene madzi amakhala adakali ndendende m'madimba, nyenyezi ziwirizi zimapendekera kolowera dzuwa, cha ku Bangula, kukangoda. Wochoka pa Mtondo akaloza mphuno ya bwato pa ya buluu, imene imakhala kumanzere, amakalowa pa mpata wa bango wopita ku dooko la tsidya linalo. Akaloza pa ya khala, kumanja, amakathera m'dziwe mmene mvuu zimalelera ana awo. Kumwambako kusiyana kwake ndi chikhatho chimodzi chotambasula, koma pamadzi ndi kusiyana kwa kufika ndi kusafika.

Zina zokhudza nyenyeziyi anazimva atakula kale, kwa mayi Jesinta, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ya tsidya lino amene kwawo kunali tsidya linalo. Mayiyu ankaoloka Lachisanu lililonse, ndipo nthawi zambiri ankachedwa ndi makope a ana. Tsiku lina kumwamba kuli mbee, Geresomo analoza ndi nkhafi.

"Aphunzitsi, mabuku anu aja amalonga chiyani za iyo?"

"Ya buluuyo? Amaitcha Rigel," anayankha Jesinta. "Anthu akale a kunja ankaona chithunzi cha mlenje pamenepo, Oriyoni. Zitatuzo ndi lamba wake, ya buluuyo ndi phazi."

"Phazi? Chinthu chokongola chonchi kuchitcha phazi? Nkhabe, ayi ndithu. Anthu amenewo analibe ulemu."

Jesinta anaseka. "Nanga tandiuzeni, madala, yotentha kwambiri ndi iti pa ziwirizi?"

"Funso la mwana limenelo. Ya khala. Inayo ndi yozizira ngati madzi a mumtsuko."

"Mwalephera mayeso. Mukapite kwa owotcherera zitsulo ku Bangula mukaone. Moto wofiira umaphika nyemba, koma umene umadula chitsulo ndi wa buluu. Iyoyo kutentha kwake kumaposa kwa dzuwa kawiri. Kukula ndiye musanene. Mutandandika madzuwa makumi asanu ndi awiri, mwina ndiye mungafike mbali inayo. Kuwala kwake ndi kwa madzuwa zikwizikwi kuwaunjika pamodzi."

"Nanga bwanji ikuoneka ngati kanjere ka mapira?"

"Kutali, madala. Kuwala mukukuonaku kunanyamuka kumeneko zaka zoposa mazana asanu ndi atatu zapitazo."

Geresomo analeka kupalasa, madzi akudontha pa nkhafi. "Ulendo wonsewo kudzangondilozera dooko ine?"

"Inu ndi mvuu zanu," anatero Jesinta. Kenako anawonjezera zimene zinamukhala mumtima mkuluyo. "Koma zikuluzikulu zoterezi sizikhalitsa. Zimatentha nkhuni zake mothamanga. Pa zaka za nyenyezi iyoyo ndi mwana, dzuwa lathuli ndi gogo, koma idzayamba kufa ndi iyo. Tsiku lina idzaphulika."

"Liti?"

"Osati mawa. Adzukulu a adzukulu anu adzaipeza ilipo."

Anafika kunyumba atakhumudwa ngati wamva za matenda a m'bale wake. Rute atafunsa, anamuuza kuti ya buluu ija akuti idzafa. Mayiyo anangomuyang'ana n'kumuuza kuti asambe m'manja.

Ng'ala siigogoda pakhomo. Oyamba kusowa anali Akamwini aja, atatu onse, ndipo Geresomo anati ndi utsi wa anthu otentha tchire. Kenako nkhope za anthu oima patali zinayamba kusungunuka. Apa anadzithandiza ndi makutu. Ankadziwa munthu ndi chifuwa chake, ndi kulira kwa njinga yake, n'kumupatsa moni mwachipongwe asanafike n'komwe, moti anthu ankati maso a mkuluyu ndi a nkhwazi. Masana njira anali nayo m'mapewa. Koma kenako chinachitika chimene chinamuswa mtima: buluu uja anachoka. Nyenyezi ziwiri zija ankazionabe, koma zonse zinasanduka timadontho tofanana, tamtundu wa tiyi wopanda mkaka. Kumwamba kukayera ankadzitonthoza kuti ya kumanzere ndiyo yake, basi zokwanira. Sankafuna kuganiza za tsiku limene idzaoneke imodzi yokha.

"Bambo a Lucky, pitani kuchipatala akakupaleni masowo," Rute ankatero, akumutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba amene ankadula nzimbe ku Nchalo. "Anzanu akubwerako akuona."

"Kuchipatalako ndidzera dooko liti? Ndikamabwerera ndi bandeji kumaso, Raphael ndidzamuuza kuti ndinakagula chiyani?"

Raphael ameneyu anali wapampando wa komiti ya dooko, bambo wa zaka makumi anayi, mwini boti la injini, munthu wosaseka pa nkhani ya malamulo. Geresomo ankamulemekeza chifukwa cha khalidwe lomwelo, ndipo ankamuzemba chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Ndiye kunabwera Meyi wa 2023. Namondwe Freddy anali atadutsa miyezi iwiri m'mbuyomo, koma madzi anali asanabwerere m'malo mwake. Kumene kunali madimba a chimanga ndi mbatata kunali nyanja yotakata, mitu ya bango yokha ikuoneka. Kunagwa chiperoni masiku atatu otsatizana, mitambo yotsika, kamvula kowaza, kamphepo kolowa m'mafupa. Mafuta anali atasowa kuderali, ndipo Lachisanu limenelo maboti a injini anaima masana.

Jesinta anafika pakhomo pa Geresomo dzuwa litangolowa, chikwama paphewa, kudzapempha kuti amuolotse. Mkuluyo anasuzumira kumwamba, anaona bii, n'kugwira msana.

"Lero msanawu wandikana, aphunzitsi. Gonani konkuno ndi mayi anuwa, mangwana m'mawa tidzaoloka."

Mawuwo asanazizire, panja panamveka phokoso la anthu. Anali Raphael, akukankha njinga, ndipo pa kaliyala panali mkazi wake Evelesi, amuna awiri atamugwirira mbali iyi ndi iyo. Mphiri inamuluma pa kakolo akutola nkhuni zimene madzi anasiya. Mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, khungu likunyezimira. Kachipatala ka tsidya lino kanali kasanatsegulidwe chiwonongekereni ndi madzi. Thandizo linali tsidya linalo basi.

"Baba, ndagwira mwendo wanu," anatero Raphael. "Thanki yanga ndi youma. Anyamata onse akana, akuti mdima uwu sangapeze mpata. Mwatsala ndinu."

Rute anaima pakhomo, maso ali pa mwamuna wake. Geresomo anamva zonse zimene masowo ankanena. Apa ndi pamene mkuluyu analakwa, ndipo palibe chifukwa chomubisira. Kukana sakanakana, poti njira ankaidziwa ndi iye yekha. Koma akanatha kunena pomwepo kuti njira ndili nayo, maso ndilibe, wina andibwereke ake. Mawu ochepa chabe. Anayang'ana kumene kunali nkhope ya wapampando, mawuwo anafika pakhosi n'kubwerera.

"Tengani nkhafi yachiwiri ili kuseriko," anatero. "Aphunzitsi, inunso tiyeni, mukagwire mayiwa."

Anamugoneka Evelesi pakati pa bwato, mutu uli pamiyendo pa Jesinta. Raphael anakhala kutsogolo, Geresomo kumbuyo, malo ake a zaka makumi anayi ndi zisanu. Chigawo choyamba sichinamuvute. Ankadziwa madimba omirawo ngati nyumba yake. Nsungwi yokankhira ikagunda mzere wa mbatata ankadziwa kuti ndi munda wa uje, ikakhudza chulu ankadziwa kuti apa mpokhotera. Mtima unayamba kukhala pansi pang'ono. Mwina akanafika osafuna kumwamba n'komwe.

Koma pakati pali Shire weniweni, ndipo Shire sasamala za mapewa a munthu. Atangolowa mumkokomo, chimulu cha namasupuni chachikulu ngati bwalo la mpira chinatsika ndi madzi n'kulikumbatira bwatolo. Linazungulira kamodzi, kawiri, mwina katatu. Raphael ankatema zomerazo ndi nkhafi akutukwana, Geresomo akukankha ndi mphamvu zake zonse. Pamene ankatulukamo n'kugwera m'madzi odekha, nsungwi sinkafikanso pansi, ndipo mkuluyo sankadziwa kuti mphuno ya bwato yaloza kuti. Tsidya linalo magetsi anali atazima. Kumanzere bii, kumanja bii.

Raphael anayatsa tochi ya foni.

"Zimitsani icho!" anakalipa Geresomo. "Mukuitana mvuu? Chingakuonetseni chiyani, madzi?"

Tochi inazima. Evelesi anabuula, kenako anasanza, Jesinta akumupukuta ndi chitenje n'kumamulankhula motsitsa. Geresomo anakweza nkhope. Kamvula kanali katakata, ndipo chapatali, m'munsi mwa thambo, mitambo inang'ambika kampata kakang'ono ngati lichero. M'kampatamo munali kadontho kamodzi kowala.

Kamodzi kokha. Chimene ankachiopa chaka chonse chinamupeza tsiku limene ananyamula mkazi wa wapampando.

Anatikita maso ndi kuseri kwa dzanja, anatsinzina, anatong'ola. Tiyi wopanda mkaka. Anadikira kuti mwina inzake ionekere pambali, koma mitambo sinamuchitire chifundo. Anayamba kudzinyengerera mumtima. Ndi yowala kwambiri, ndiye kuti ndi ya buluu. Zaka zonsezi sinamutayepo, ingamutaye lero? Analoza bwato pomwepo n'kuyamba kupalasa.

"Tili bwino, madala?" anafunsa Raphael osatembenuka.

"Tili bwino. Palasani."

Anapalasa. Nkhafi ziwiri zinkalowa ndi kutuluka, madzi akulira pansi pa bwato. Geresomo ankatchera khutu kudikira kukhwekhwereza kwa bango kumene kumayamba munthu akayandikira mpata. Sikunabwere. Anaviika nsungwi, sinapeze pansi. Anadziuza kuti madzi achuluka chaka chino, n'chifukwa chake.

Kenako chapatsogolo kunamveka kudzuma kwa mvuu, kolemera, kotsatizana, ngati munthu wamkulu akuseka m'mgolo. Ina inayankha chakumanja.

"Zili kutali zimenezo?" anafunsa Raphael.

"Pamadzi mawu amanama. Palasani."

N'zoona kuti pamadzi mawu amanama, koma mphuno siinama. Kamphepo kanabwera ndi fungo la ndowe za mvuu, fungo limene pa njira ya ku mpata silimveka. Geresomo anayang'ananso kadontho kaja, ndipo anaona kuti kakuphethira mochedwa, kakusowa n'kubweranso. Kampata ka mitambo kanali kakutsekeka. Kakanatsekeka, ngakhale wa maso awiri abwino sakanamuthandizanso.

M'bwatomo munali anthu awiri amene akanatha kumuuza mtundu wa nyenyeziyo ndi mawu amodzi. Raphael ankaiona, koma kwa iye nyenyezi zonse zinali nyenyezi, sankadziwa kuti mtundu wake uli ndi ntchito. Jesinta ankadziwa, koma anali ataweramira wodwala. Ndipo kufunsa kunali kuulula. Munthu amene wakhala akuloza nyenyeziyo ndi nkhafi moyo wake wonse safunsa kuti ndi yamtundu wanji, pokhapokha ngati maso atha. Wapampando anali pomwepo, mikono inayi yokha kuchokera pakamwa pake.

Anayesa kuzemba, poti kuzemba anali atakuzolowera. Anapanga mawu anthabwala.

"Aphunzitsi, phazi lanu lija mwalipatsa moni lero?"

"Mwini wake ndinu, madala," anayankha Jesinta osadzutsa mutu. "Fulumirani chonde. Kutupaku kwadutsa bondo, kukukwera."

"Raphael," anaitana Evelesi ndi mawu ang'onoang'ono. "Ndikumva kuzizira. Ana uwauze..."

"Usalonge zimenezo! Tafika kale. Eti madala, tafika?"

Pafupi, pafupi zedi, madzi anaphulika, chinthu chinafwenthera mwamphamvu, ndipo timadontho tinawagwera kumaso. Kafunde kanagwedeza bwato. Raphael anauma, nkhafi ili m'malere.

Mantha amene anamugwira Geresomo pamenepo sanali a mvuu. Mvuu anakumana nazo kambirimbiri. Anali mantha a munthu amene wazindikira kuti akupha anthu atatu pofuna kusunga dzina lake. Manyazi anamutentha kumaso ngati wayandikira ng'anjo. Anagoneka nkhafi pamiyendo.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa, koma momveka bwino kuti wakutsogolo amvenso. "Dzutsani mutu. Nyenyezi ili patsogoloyo ndi yamtundu wanji? Ine sindikuona. Maso anga anatha kalekale."

Jesinta anadzutsa mutu.

"Ndi yofiira, baba," anatero Jesinta, mawu atasintha. "Ndi ya khala."

"Mulungu wanga," ananong'ona Raphael.

"Mulungu mumutchula tikafika," anatero Geresomo. Chodabwitsa n'chakuti mawu ake anali atabwerera, olimba ngati kale. Katundu anali atatula, manja anamasuka. "Tili m'dziwe. Wapampando, nkhafi yanu m'bwato, musakhudze madzi. Wina asatsokomole. Aphunzitsi, maso anu ndi anga tsopano. Ndikhotera kumanzere. Mundiuze yofiirayo ikafika pa phewa langa lamanja, ndipo isachokepo."

Analowetsa nkhafi m'madzi mwakachetechete ngati akuba nkhuku, n'kukoka pang'onopang'ono. Bwato linatembenuka. Kumbuyo kwawo chinthu chija chinafwentheranso, ndipo chapambali kamwana kanalira. Aliyense wa kumadzi amadziwa kuti mvuu yoopsa ndi ya mwana. Geresomo anamva madzi akukankhidwa pansi pawo, bwato likunyamuka pang'ono ngati lakwera pamsana pa funde. Jesinta anagwira pakamwa pa Evelesi ndi chikhatho. Mkuluyo sanafulumire. Kufulumira ndi phokoso, phokoso ndi imfa. Anawerenga mumtima kukoka kulikonse, khumi, makumi awiri, makumi atatu.

"Yafika paphewa," ananong'ona Jesinta. Patapita kanthawi anati, "Mwapitirira, bwererani pang'ono. Basi, pomwepo." Kenako, "Yabisika. Sindikuionanso."

"Musachotse maso. Yang'anani kutsogolo, chapansi, kumanja pang'ono kwa mphuno ya bwato. Inzake imatsogola kulowa. Ngati sinalowe, ili pamenepo."

Anapalasa mumdima wopanda chizindikiro chilichonse, akusunga mzere ndi mapewa okha. Kudzuma kwa mvuu kunayamba kutsalira m'mbuyo. Anamuuza Raphael kuti atenge nkhafi, ndipo bamboyo anapalasa ngati wamisala.

"Iyo!" anafuula Jesinta, kuiwala za mvuu. "Yatuluka pansi pa mtambo! Ya buluu, baba, ya buluu yeniyeni!"

"Mwaonetsetsa?"

"Ikuthwanima ngati moto wa owotcherera. Ili pafupi kulowa."

"Tinapatuka kwambiri, ndiye tisailoze pamphuno. Ikhale kumanja kwa mphuno, zala zinayi. Mukaona yasuntha, lankhulani."

Iye anaona kadontho kena ka tiyi basi, koma anakhulupirira. Sipanapite nthawi yaitali, nsungwi inagunda matope. Kenako kunamveka kukhwekhwereza kuja, bango likukhula m'mbali mwa bwato kumanzere, kenako kumanja komwe. Anali mumpata. Kutsogolo kunamveka wailesi ndi mawu a anyamata a njinga zamoto amene amadikira anthu pa dooko.

Bwato litakhudza mchenga, Raphael analumphira m'madzi akukuwa kuti abwere ndi njinga. Anyamata anathamanga ndi matochi. Kuwalako kutagwa pa mwendo wa Evelesi, ngakhale Geresomo anaona. Unali utatupa mpaka m'ntchafu, wakuda, wa matuza. Pochoka pa Mtondo kutupako kunali m'bondo. Anamukweza pa njinga, mnyamata wina atakhala kumbuyo kumugwirira, mayiyo akupumabe, akuitanabe dzina la mwamuna wake.

Raphael anali atakweza kale mwendo pa njinga yachiwiri pamene anatsikanso. Anabwerera kumadzi, n'kuima pafupi ndi Geresomo amene anali adakali m'bwato. Analankhula motsitsa kuti anyamata aja asamve.

"Baba, takhuta, zikomo kwambiri. Mwandipulumutsira nyumba." Anaweramira pafupi. "M'bwato muja munali phokoso la madzi. Ine sindinamve kanthu. Aphunzitsinso sanamve kanthu."

Jesinta anayang'ana kumbali.

Tisaname, mtima wa Geresomo unadumpha ndi chimwemwe. Zimene ankaziopa chaka chonse zinali zitamudutsa, ndipo womukhululukira anali wosunga lamulo yemweyo. Akanangogwedeza mutu, mawa akanakhalanso kumbuyo kwa bwato lake akunyoza nsapato za anthu. Anatsegula pakamwa kuti athokoze. Koma mwendo uja unali udakali m'maso mwake, maso omwewo osaonawo. Kuchokera m'bondo kufika m'ntchafu. Mtunda umenewo ululu unayenda pamene iye ankapalasa kulondola nyenyezi yolakwika, akuuza mwamuna wa mayiyo kuti tili bwino.

"Munamva," anatero. "Ndipo mukanamva tisananyamuke, bwenzi mayiwo ali kale pabedi kuchipatala. Mwendo umenewo akaudula, theka ndi la njoka, theka ndi langa. Lolemba muitanitse komiti, ndidzalankhula ndekha. Thamangani."

Raphael anathamangira ku njinga. Njinga ziwiri zinalira n'kukwera mtunda, matochi onse n'kupita nazo, ndipo pa dooko panagwanso mdima.

Geresomo anatsika, anakokera bwato pamchenga, n'kulimanga pachikhomo ndi mfundo imene zala zake zinkaidziwa zokha. Nkhafi anaigoneka m'kati, anaisisita kamodzi, n'kuisiya. Misozi inkatsika, ndipo sanaipukute. Atatembenukira kumtunda anaima. Pamadzi akanatha kuyenda atatsinzina, koma gombe limeneli madzi anali ataligumula, njira yakale panalibe, ndipo patsogolo pake panali khoma lakuda lokhalokha.

"Aphunzitsi, mudakalipo?"

"Ndilipo, baba."

Anatambasula dzanja, dzanja lomwe linatsitsa anthu m'mitengo.

"Ndigwireni. Kumtunda kuno njira sindikuiona."